Masokosi Aatali a Kachiwala

1

Ndinalakalaka kuti mwana wanga akhale kuti wamenyedwa. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti amene safuna kumva za bambo wotere atsegule tsamba lina. Otsalanu, khalani pansi ndikuuzeni.

Ndimagwira ntchito kumalo oyeretsera madzi a mumzinda. Ndimatunga madzi m'timabotolo, ndimawaunika, ndimathiramo mankhwala n'kuona mtundu umene atuluke, kenako ndimanena ngati anthu angamwe kapena ayi. Anzanga amanditchula kuti a Chete, ndipo sindikwiya nazo chifukwa n'zoona. Mkazi wanga ankati anakwatiwa ndi khoma lodziwa kuwerenga. Anamwalira mwana wathu ali ndi zaka zitatu. Chimwalirireni, m'nyumba mwakhala anthu awiri: ine ndi mtsikana wanga, amene tonse timamutchula kuti Kachiwala chifukwa sadziwa kutsika pabedi ngati munthu. Amalumpha.

M'mawa umene ndikunenawu, ali ndi zaka zisanu, sanalumphe.

“Dzuka, tichedwa,” ndinatero ndili pakhomo la chipinda chake.

“Mapazi akukana, ababa.”

“Akukana chiyani?”

“Kuponda.”

Ndinavundukula bulangete. Akakolo onse awiri anali atatupa, khungu likuwala ngati lapakidwa mafuta. Kuyambira m'mapazi mpaka m'ntchafu ndi m'matako munali madontho ofiira, ena akuda ngati magazi oundana, ena ataphatikizana n'kukhala zigamba zazikulu zonga za munthu wokwapulidwa. Anali atangochira chimfine, koma za chimfine sindinaziganize n'komwe. Ndinaika chala pakakolo, ndinadina, ndinachotsa. Panatsala kadzenje.

Ndinayang'ana kadzenjeko mpaka kanadzaza. Kenako ndinatsegula kabati, ndinatulutsa masokosi aatali a nyengo yozizira, ngakhale kunja dzuwa linali litayamba kale kuswa mtengo, n'kumuveka mpaka m'munsi mwa mawondo. Pamwamba ndinamuveka thalauza.

“Kukutentha, ababa.”

“Lero ndi tsiku la masokosi.”

“Wanena ndani?”

“Ine.”

Ndinamubereka kumsana mpaka ku sukulu ya mkaka.

2

Aphunzitsi ake ndi mayi wachikulire amene magalasi ake amalendewera pachifuwa ndi chingwe. Ndinawapeza akupukuta mphuno ya mwana wina pageti.

“Aphunzitsi, kodi dzulo ana sanamenyane? Palibe amene anamukankha uyu pakatungwe?”

“Ameneyu? Akamukankha ndani? Iyeyu ndi amene amatithamangitsa tonse.”

“Taganizani bwino. Mwina anamuponda. Mwina wina anali ndi ndodo.”

Anavala magalasi aja n'kundiyang'ana.

“Bambo, kuno sitigwira ndodo. Chachitika n'chiyani?”

“Palibe. Akungoti mapazi akuwawa.”

Anayang'ana masokosi, anayang'ana dzuwa, anandiyang'ananso ine. Anati mwana wosaponda pansi salandira, ndipite naye kuchipatala. Ndinavomera ndi mutu.

Chipatala chili panjira yopita kwathu. Nditafika pafupi ndi geti lake, pamene amayi amagulitsa zipatso kwa odzaona odwala, fungo lija la mankhwala otsukira pansi linanditsekereza. Zipatala zonse zimanunkha mofanana. Ndinawoloka msewu, ndinadutsa tsidya linalo, ndinakafika kunyumba. Ndinaimba foni kuntchito kuti ndikufuna tchuthi.

Masiku otsatira ndinakhala munthu wotanganidwa kwambiri. Ndinatembenuza matiresi kufunafuna nsikidzi. Ndinataya sopo amene ndinali nditangogula. Ndinachapa zofunda zonse ndi madzi otentha. Ndinkamupatsa mankhwala oletsa ululu, ndinkamunyamula popita kubafa, ndipo akandifunsa chifukwa chake sakupita kusukulu ndinkati aphunzitsi atopa naye. Madontho akale ankazirala n'kusanduka achikasu, ine mtima n'kutsika pang'ono. Kukacha ankatuluka atsopano.

Ndinkadziuza kuti mikwingwirima imatha. Mwana akagwa, akamenyedwa, akapondedwa, thupi limadzisoka lokha. Ndinkafuna munthu woti ndimuloze chala, kaya mwana wa eni, kaya mphunzitsi, kaya wina aliyense wokhala ndi dzanja. Kuntchito, madzi akangosintha mtundu pang'ono pokha, ndimatha kutsekera mzinda wonse mipopi osafunsa munthu. Kunyumba ndinkakweza masokosi.

Loweruka m'mawa Kachiwala anakodza m'kapoti kamene ndinamuikira pambali pa bedi. Nditakanyamula ndinaima. Mkodzo unali wa mtundu wa tiyi wopanda mkaka, ndipo pamwamba panali thovu losafuna kutha. Ndinapita nako pazenera monga ndimachitira ndi timabotolo ta kuntchito.

Nthawi yomweyo wina anagogoda. Ndinathamangira kuchimbudzi, ndinakhuthula, ndinagwetsa madzi, ndinatsuka kapotiko, kenako ndinakatsegula chitseko.

3

Anali mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu mkazi wanga. Ali ndi saluni kumsika, ndipo Loweruka lililonse asanakatsegule amabwera kudzaluka tsitsi la Kachiwala. Ndinapempha dala kuti andisamutsire ntchito mumzinda uno pambuyo pa maliro kuti mwana akhale pafupi ndi amayi ake aang'onowa.

“Alamu, mukadali moyo? Ndimayesa nyumba yagulitsidwa. Mazenera otseka dzuwa lonseli?”

“Takulandirani, mlamu.”

“Mawu awiri athunthu. Lero ndiye mwawononga. Ali kuti bwana wanga?”

Ndinamunyamula Kachiwala n'kumukhazika pamkeka pabalaza. Mlamu anakhala pampando, anamuika pakati pa mawondo ake, anatulutsa chipeso ndi mafuta m'chikwama.

“Nanga masokosi awa? Bambo ako akufuna kuphika mapazi ako? Vula, ungatinunkhitse.”

“Ababa akuti ndi tsiku la masokosi.”

“Bambo ako sadziwa masiku. Bwera nawo kuno.”

Anawerama n'kukoka sokosi limodzi. Chipeso chinagwa. Anakoka linalo, anapinda thalauza mpaka m'ntchafu, anamutembenuza mwana pang'onopang'ono ngati wanyamula dzira. Anamunyamula Kachiwala, anakamugoneka kuchipinda, anatseka chitseko, anabwera n'kuima patsogolo panga.

“Alamu, ndikufunsani kamodzi. Mwamumenya?”

Inu owerenga mukuti yankho linali lapafupi. Linalidi pakamwa penipeni. Chibadwire chake sindinamukwezerepo dzanja. Koma “ayi” ali ndi mnzake amene amabwera pambuyo: nanga n'chiyani? Ndipo funso limenelo ndi limene ndinakhala ndikulithawa sabata yonse.

Ndinayang'ana chipeso chili pansi.

“Mulungu wanga,” anatero motsitsa. “Anthu ankandiuza kuti munthu wofatsa kwambiri muzimuopa. Ine ndinkakuikirani kumbuyo.”

“Zitha zokha,” ndinatero.

“Zitha zokha. Ndiye kuti mukudziwa chimene chili. Zayamba liti?”

“Masiku apitawa.”

“Kuchipatala anati chiyani?”

“Sitinapite.”

Kuchipinda kunamveka kulira. Sikunali kulira kwa mwana wofuna kunyamulidwa. Tinamupeza atadzipinda ngati kanyama, manja onse ali pamimba, atasanza papilo. Milomo inali itayera.

Mlamu anamukulunga m'bulangete, anamutola.

“Mukafuna, tsatirani,” anatero osandiyang'ana. “Koma mwana wa asisi sagonanso m'nyumba muno.”

Ndinawatsatira. Masokosi ndinawatola n'kuwaika m'thumba, sindikudziwa chifukwa chake.

4

Kuchipatala mlamu ananong'oneza nesi, nesi anandiyang'ana, ndipo posakhalitsa ndinapezeka ndili m'kachipinda kena pamodzi ndi mayi wa ku ofesi yoteteza ana. Munali tebulo, mipando iwiri, ndi katoni ya zidole zoduka miyendo. Mayiyo sanali waukali. Akanakhala waukali zikanandipepukira.

“Bambo, ndamva kuti mukulera mwana nokha.”

“Inde.”

“Si ntchito yamasewera. Munthu amabwera kuntchito atatopa, mwana akuvuta, wokuthandiza palibe. Dzanja limatha kuthamanga mutu usanaganize. Ndakumana nawo ambiri, ndipo si onse amene ali oipa.”

Anatsegula buku lake n'kupitiriza.

“Ndani wina amatsala naye?”

“Palibe.”

“Munamuveka masokosi ndinu?”

“Ndine.”

“Chifukwa?”

“Kuti zisaoneke.”

Analemba. Ine m'mutu mwanga munayamba kuyenda masamu a munthu wamisala. Ndikavomera, ndinaganiza, amutenga n'kumupereka kwa mlamu. Anthu azindilavulira mumsewu, mwina ntchito itha, mwina andimanga. Koma zigamba zija zizirala, ndipo tsiku lina azidzalumpha pabedi la kwa amayi ake aang'ono. Nditaya mwana, koma mwana akhala moyo. Ndinkaganiza ngati kuti matenda amamva zimene munthu wavomera n'kusintha dzina.

“Bambo, pali chimene mukufuna kundiuza?”

Ndinatsegula pakamwa. Nesi anagogoda n'kusuzumira.

“Adokotala akufuna nonse. Ndi inunso, mayi.”

Dokotala wa ana anali bambo wamfupi wa imvi, ndipo tinamupeza atagwada pambali pa bedi kuti maso ake alingane ndi a Kachiwala. Anali atamupatsa kale mankhwala a ululu. Mlamu anaima kumutu, manja atapinda pachifuwa.

“Ndani anamuveka masokosi othina?” anafunsa dokotala.

“Awa,” anatero mlamu, akundiloza ndi chibwano.

“Bwerani muone.” Anayendetsa chala m'munsi mwa bondo, pamene lamba wa sokosi ankagwira. Panali mzere wa madontho ochuluka kuposa pena paliponse, wozungulira mwendo wonse. Mwendo winawo chimodzimodzi. “Ndodo siizungulira mwendo ngati chibangili. Siikwapulanso miyendo iwiri mofanana chonchi n'kukaima m'chiuno. Tagwirani apa, madonthowa ndi otukuka. Mwanayu sanamenyedwe.”

Anafotokoza kuti timitsempha ting'onoting'ono ta magazi tatupa ndipo tikuchucha pansi pa khungu. Pamene pathinidwa pamachucha kwambiri, n'chifukwa chake masokosi anasiya mzere. Anati nthawi zambiri zimabwera mwana akangochira chimfine, thupi likasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mitsempha yake yomwe. Kutupa kwa akakolo ndi kupweteka kwa m'mimba, anati, muzu wake ndi umodzi. Ana ambiri amachira.

Mlamu anagwira pakamwa. “Alamu, mundikhululukire. Koma inunso, bwanji osangonena? Pakamwa anakupatsirani chiyani?”

Mayi wa ku ofesi uja anatseka buku lake. Aliyense m'chipindamo anapuma. Ine ndekha ndinkadziwa kuti dokotala sanamalize.

“Chimene timaopa ndi chimodzi,” anatero akuimirira. “Impso nazonso zili ndi timitsempha totere. Mkodzo wake mwauona?”

“Ndauona.”

“Unali bwanji?”

“Wofiirira, ngati tiyi wopanda mkaka. Wathovu losatha.”

“Liti?”

“Lero m'mawa.”

Mlamu anatembenuka. “Lero? Ine ndisanafike?”

“Muli pakhomo. Ndinataya.”

5

Dokotala sanandikalipire. Anauza nesi kuti atenge magazi ndi mkodzo mwamsanga, kenako anakhala pansi ndi cholembera.

“Kubanja kwanu kapena kwa mayi ake, alipo amene anadwalapo impso?”

“Ayi, kwathu kulibe,” anayankha mlamu. “Asisi, mayi ake a mwanayu, anamwalira ndi BP. Zinangochitika mwadzidzidzi.”

Dokotala anayamba kulemba. Ndinaona cholembera chikuyenda, chikulemba bodza limene ndinalisunga bwino kuposa chilichonse chimene ndinasungapo, ndipo bodzalo linali kulowa m'mapepala amene anthu azidzatsegula posankha mankhwala a mwana wanga.

Tsopano ndikuuzeni.

Matenda a mkazi wanga anayamba ndi nsapato. Anati zayamba kumuthina. Ndinadina kakolo wake tikuseka, panatsala kadzenje. Kenako kunabwera thovu. Madokotala anati impso zake zikufa pang'onopang'ono, ndipo posakhalitsa anayamba kupita pa makina otsuka magazi. Nthawi imeneyo tinkakhala mumzinda wina, kutali ndi mlamu. Madokotala anatiuza kuti wachibale wapafupi akhoza kuyezedwa, mwina n'kumupatsa impso imodzi. Yanga anaiyeza, sinagwirizane. Makolo awo anali atatsogola kale. M'mimba mwa mayi awo anabadwamo awiri okha.

Mlamu anali ndi pakati, atadikira zaka zambiri, atapitanso padera.

“Mukamuuza, abwera mawa ndi mimba yakeyo kudzagona patebulo la madokotala,” anatero mkazi wanga. “Ndimamudziwa. Tidikire abereke.”

Anabereka mwana wamwamuna. Ndinati tsopano tinene.

“Tidikire asiye kuyamwitsa.”

Pafoni ankaseka, ankati ndi BP chabe, ankamuletsa mlamu kuyenda ulendo wautali ndi khanda. Mwana uja asanasiye kuyamwa, mtima wa mkazi wanga unatopa. Masana ena, mawu atatsala pang'ono, anandigwira mkono.

“Asadzadziwe. Akadzadziwa, moyo wake wonse azidzangodziwerenga impso. Lonjezani.”

Ndinalonjeza. Kusunga chinsinsi ndi ntchito imene ndimaitha.

“Adokotala,” ndinatero, “musalembe zimenezo.”

Cholembera chinaima.

“Mayi ake anamwalira ndi impso. BP inabwera chifukwa cha impsozo. Anali pa makina nthawi yaitali. Anayamba ndi kutupa akakolo ndi thovu mumkodzo.”

Sindinamuyang'ane mlamu. Ndinangomva mpando ukukokedwa, iye n'kukhala.

“Mwachita bwino kunena,” anatero dokotala. “Sizitanthauza kuti ndi matenda omwewo, kapena kuti atsatira njira yomweyo. Mundimvetse bwino pamenepo. Koma tsopano timuyang'anitsitsa kwambiri, ndipo agona kuno.”

Nesi atamutenga Kachiwala kukamuunika m'mimba, tinatsala awiri pakhonde lalitali la mabenchi obiriwira. Mlamu anadikira mpaka munthu wokolopa atadutsa.

“Makina,” anatero. “Nthawi imene ndinkaimba foni asisi n'kumati ali kumsika, kukusokosera?”

“Anali pa makina.”

“Ndinamvapo kuti wachibale amatha kupereka. Anakuuzani zimenezo?”

“Anatiuza.”

“Wachibale wake ndani?”

Yankho ankalidziwa kale.

“Munandiona pamaliro ndikugubuduka, ndikuuza anthu kuti zachitika mwadzidzidzi. Munandigwira paphewa.”

“Ndinalonjeza, mlamu. Munali ndi pakati. Kenako munali ndi khanda. Sankafuna kuti…”

“Impso inali yanu?”

“Ayi.”

“Inali ya asisi?”

“Ayi.”

“Mwina ndikanakana, alamu. Mukudziwa zimenezo? Mwina ndikanayang'ana mwana wanga, ndikanachita mantha, ndikanakana. Koma wokanayo ndikanakhala ine.” Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, mwaukali, ngati akuthamangitsa ntchentche. “Ndiye lero munali okonzeka kuti mwana atsatire mayi ake mutamuveka masokosi.”

Pa zonse zimene anthu anandinenapo, palibe zoona zoposa zimenezo.

6

Mu wodi ya ana munali mabedi a zitsulo zoyera ndi zithunzi za nyama zosuluka pakhoma. Kachiwala anamuika diripi padzanja, ndipo anesi ankabwera ndi kalamba kakang'ono koyezera BP, kofanana ndi ka chidole. Mkodzo wonse ankautengera m'botolo n'kuuyeza. Ine ndinkakhala mbali imodzi ya bedi, mlamu mbali inayo. Saluni anaisiyira antchito, mwana wake anamusiyira mwamuna wake. Kwa ine sankalankhula.

“Uwauze bambo ako asunthe mpando, nesi adutse.”

“Ababa, akuti musunthe mpando.”

“Uwafunse ngati adya.”

“Akuti mwadya?”

“Uwauze kuti ndadya.”

“Akunama, amayi aang'ono. Sanadye.” Anatiyang'ana mosinthanasinthana. “Mwayambana?”

“Ayi,” ndinatero.

“Bambo ako sadziwa kuyambana,” anatero mlamu akumukonza pilo. “Amangoveka anthu masokosi.”

Tsiku lina masana Kachiwala anadzuka zikope zitatupa, maso atachepa. Nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Ndinali nditaionapo papilo lina, mumzinda wina. Ndinaimirira bwinobwino, ndinapita kubafa ya odikirira odwala, ndinatsegula mpopi. Madzi anali oyera, mwina oyezedwa ndi mnzanga m'mawa womwewo. Ndinagwira m'mphepete mwa sinki mpaka zala zinachita dzanzi. Sindinganene kuti ndinapemphera, chifukwa mawu sanabwere. Ndinangoima pamenepo ndikuopa. Nditabwerera ndinapeza mbale ya chakudya ili pampando wanga, yovundikira, ndipo mlamu akuyang'ana kuzenera.

Zotsatira zitakwanira, dokotala anatiitanira m'chipinda chake. Anati impso zakhudzidwa: mumkodzo muli magazi ndi zina zimene impso zabwino sizitaya. Koma zikugwirabe ntchito, zikusefa. Anamuyambitsa mankhwala, ndipo anati tiziyeza mkodzo kunyumba ndi timapepala tapadera, n'kumabwera naye kuchipatala kwa miyezi yambiri, chifukwa matendawa amatha kubwerera munthu atayesa kuti apita.

“Achira?” ndinafunsa. Linali funso langa loyamba chilowereni m'chipatalamo.

“Ambiri otere amachira bwino. Sindikulonjezani zimene sizili m'manja mwanga. Chimene ndikudziwa n'chakuti pano tikuona, ndipo chimene tikuchiona tikhoza kulimbana nacho.”

Mlamu anakhosomola.

“Adokotala, ndili ndi mawu. Ine ndine mayi wake wamng'ono, mimba imodzi ndi mayi ake. Tsiku lina ikadzafunika impso, mudzayambe kuyeza ine.”

Dokotala anamwetulira. “Mayi, kumeneko tili nako kutali kwambiri. Mwina sitidzafikako n'komwe.”

“Ndamva. Koma lembani. Ndikunena pamaso pa bambo awa, ndi pakamwa panga, kuti pasadzapezeke munthu wondichitira chifundo kumbali.”

Dokotala anandiyang'ana, anamuyang'ana iye, analemba.

7

Kachiwala anabwerera m'nyumba mwanga. Mlamu sanabwezepo mawu aja akuti mwana sagonanso muno. Anangonyamula chikwama cha mwanayo n'kudzachiika pabedi lake, kenako anatsegula mazenera onse.

M'mawa uliwonse ndimaviika kapepala mumkodzo, ndimadikira, ndimayerekeza mtundu wake ndi mitundu ya pabotolo la timapepalato. Ndi ntchito yomwe ija ya kumadzi, kungoti dzanja silinazolowerebe. Ndikatha ndimajambula ndi foni n'kutumiza kwa mlamu. Ndi lamulo lake. Kwa nthawi yaitali yankho linkakhala limodzi: “Ndaona.” Madontho anabwereranso kamodzi, ochepa, ndipo tsiku lomwelo tinali pageti la chipatala, mbali yoyenera ya msewu. Kapepalako kayamba kuyera, ngakhale dokotala sanatimasulebe. Posachedwapa nditatumiza chithunzi, mlamu anayankha kuti: “Chithunzi chokha? Moni anatha kumsika?” Ndinawerenga kangapo uthengawo ndili pabasi. Za asisi ake sanandikhululukire, ndipo sindinamupemphe kutero. Loweruka lina, akuluka tsitsi, anangoti ndimuuze mmene makina aja ankaonekera. Ndinamuuza zonse, mpaka mtundu wa bulangete limene ankafunda. Anaphonya mzere, anamasula, anayambiranso.

Masokosi aja anawapeza m'thumba la jekete langa n'kuwatenga. Amapukutira magalasi a mu saluni.

Kachiwala nayenso anandifunsa, tikumanga zingwe za nsapato.

“Ababa, amayi anadwala ngati ine?”

Khoma lija linafuna kubwerera.

“Anadwala impso. Zako zinangodwala pang'ono, ndipo tikuziyang'anira.”

“Zawo simunaziyang'anire?”

“Tinaziyang'anira, koma tinali awiri okha. Zako tikuyang'anira anthu ambiri.”

Anaganiza pang'ono n'kunena kuti chingwe ndamanga molakwika.

Inu owerenga, ine si munthu wopereka malangizo, ndipo mwaona kale kuti sindiyenera. Ndingonena zimene ndinaona. Mukapeza madontho achilendo m'miyendo ya mwana, akakolo atatupa, mkodzo utasintha mtundu, musayambe ndi kutembenuza matiresi. Pitani naye. Ine ndinkayesa kuti ndikusunga lonjezo la womwalira, ndipo mwina poyamba zinali choncho. Koma chinsinsi chikakhalitsa m'nyumba chimayamba kulamula, mpaka chinandiuza chovala choti ndimuveke mwana wanga. Mkazi wanga ankateteza mng'ono wake. Sanandipemphe kuti ndiziopa geti la chipatala. Zimenezo ndinawonjezera ndekha, ndipo amene akanalipira anali mwana amene sanalonjeze kanthu kwa wina aliyense.

Mantha sanandichoke. M'mawa uliwonse, asanatsike pabedi, ndimadina kakolo wake ndi chala n'kuyang'ana. Iye amayesa ndi masewera. Amandiuza kuti ndikweze thalauza, amadina wanga ndi mphamvu zake zonse, amaweramira pafupi ngati dokotala wa imvi uja.

“Palibe dzenje, ababa,” amatero. “Mukhoza kupita kuntchito.”

Akatero amaimirira pamatiresi n'kulumpha.